Bisiketi ndi M'manja mwa Amayi a ku South Bend

Nkhaniyi sindiikonda. Koma mkazi wanga amaifotokoza molakwika, ndiye bola ndiinene ndekha.

Nditangofika ku Indianapolis ndinkatsuka mbale kunyumba ya okalamba. Kenako ndinamva za ntchito pakhola la mahatchi kupitirira Beech Grove, kumene ana amaphunzira kukwera. Mwini wake, mayi wachizungu wachikulire, anandifunsa ngati ndimadziwa ziweto. Ndinati kwambiri. (Ndinayendetsa ngolo ku Ntcheu zaka khumi. Ng'ombe, hatchi, miyendo ndi inayi basi.)

Anandipatsa kahatchi kakafupi, dzina lake Bisiketi. Anati kaphunzire kubwerera m'mbuyo ndi kuyenda cham'mbali, ana adzaonetse makolo awo pakatha mwezi. Zikayenda bwino, ntchito ndi yanga. Zikakanika, ndibwerere ku mbale.

Anandionetsa njira yake: kukoka chingwe pang'ono, kukanikiza panthiti ndi chala, kudikira. Ndinaona kuchedwa. Kwathu chiweto chikaima panjira umachiwombera m'manja. Mayiyo atachoka ndinaima kutsogolo kwa Bisiketi n'kuwomba. Kanabwerera phazi limodzi. Ndinakapatsa karoti. Kuwomba kawiri, mapazi awiri. Cham'mbali ndinakaphunzitsa ndi mluzu. Milungu iwiri, zatheka. Mwana akakoka chingwe, ine ndinkawomba chamunsimunsi kuseri kwa mpanda. Mayiyo ankandiyamikira.

Wodzakwera Bisiketi anali Tadala, mwana wa mlamu wanga, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Mkazi wanga anauza anthu. Tsikulo kunafika amayi a kutchalitchi kuchokera ku South Bend, magalimoto atatu, zitenje pamwamba pa majekete. (Azungu amaonera zimenezi ali chete. Ine ndinadalira zimenezo.)

Tadala atangolowa m'bwalo, mlamu anaimirira.

"Uyo ndi wanga uyo!"

M'manja munayamba. Bisiketi kanaimika makutu, n'kuyamba kubwerera. Amayi anaganiza kuti masewera ake ndi amenewo, anawonjezera. Nako kanawonjezera. Mwamuna wa mlamu anaimba mluzu. Kanayamba kupita m'mbuyo ndi cham'mbali nthawi imodzi ngati nkhanu. Kanagwetsa mitengo yomwe anaiyala pansi, kanakankha tebulo la makeke, kanatuluka pageti.

Ndinakuwa kuti asiye kuwomba.

"Alamu, nsanje bwanji? Mwana akukhoza," anatero mlamu, osasiya.

Ndinathamanga. Sindinaonepo munthu akuthamangitsa hatchi yomwe ikumuyang'ana kumaso. Kanakaima poimika magalimoto, matako atagunda galimoto la abusa. Kenako kanatambasula khosi kudikira karoti. Tadala sanagwe. Anandifunsa m'Chingerezi ngati angachitenso.

Mayi mwini khola uja anafika akupuma movutikira. Anafunsa amene anaphunzitsa hatchi kumvera m'manja. Ndinati ine. Kenako anati chiyambire sanaonepo hatchi yobwerera mtunda wotero mwana ali pamsana osagwa. Ntchito sanandichotse. Anati zomwe ndinaika m'mutu mwa Bisiketi ndizichotsemo ndekha.

Ndiye m'mawa uliwonse ankakamangirira pamtengo, ine n'kuima kutsogolo kwake kumawomba mpaka kazolowere. Miyezi itatu, m'chisanu chija, bambo wamkulu ndikuwombera m'manja hatchi yomwe ikungodya udzu. Oyendetsa magalimoto ankachepetsa liwiro kuti aone bwino.

Kanasiya ndithu. Za mluzu mayiyo sanafunse, ine sindinanene.