Mmene Eqv Anakhozetsera Alamu Anga Mayeso

Pali zilembo zitatu zimene zinandichotsa ulemu ku Cuamba, ndipo kwa apongozi anga ku Mandimba nkhaniyi sinazilale.

Ndinkaphunzitsa kompyuta pa kasukulu kena ka akuluakulu. Mayeso anali awiri, olemba ndi ochita pa makina, ndipo satifiketi inali ya wokhoza onse awiri. Poopa kuwerenga mayina ndekha, ndinalemba kapulogalamu kosankha okhoza: kukhoza ndi 1, kulephera ndi 0. Mawu oyenera pamenepo anali And, odziwika kwa aliyense, amene amabala 1 pokhapokha mbali zonse ziwiri zili 1. Koma m'buku lina lakale ndinapezamo Eqv, ndipo ndinafuna kuti a diretori, mkulu wa sukuluyo, aone kuti sanalembe ntchito munthu wamba (ndinangowerenga mzere woyamba, wakuti 1 ndi 1 zimabala 1, n'kutseka buku). Ndinayesa ndi mayina atatu a okhoza, zinayenda, tinamata mndandanda pakhomo.

M'kalasimo munali a Saide, achimwene a mkazi wanga. Mayeso olemba analephera, ndipo pa ochita anazimitsa makina kawiri akufunafuna dzina lawo. Koma pa mndandanda analipo. Sanafunse munthu. Anakwera chapa, minibasi ya ku Mandimba, kukauza amayi awo, ndipo mbuzi inafa.

Mawa lake mayi Rosalina a ku Ngauma, amene anakhoza olemba n'kuperewera pang'ono pa ochita, analowa mu ofesi ya a diretori ine ndili momwemo.

"Bambo, ine ndalephera, sindikukana," anatero mwaulemu. "Koma amene ankandifunsa pomwe pali chilembo A akhoza bwanji? Kapena n'chifukwa ndi alamu a aphunzitsi?"

Ndinatsegula buku lija thukuta lili kamukamu. Mzere wapansi unkati 0 ndi 0 nazonso zimabala 1. Eqv safunsa ngati munthu wakhoza, amangoona ngati ziwirizo zafanana. Onse olephera kawiri anali atakhoza.

"Ndiye kuti makina anu amakonda munthu wosasintha," anatero a diretori. "Mukawauze nokha, mmodzimmodzi."

Ku Mandimba ndinapeza chikopa cha mbuzi chili padzuwa. Anandipatsa nyama yotsala (ndinadya, sindinama), kenako ndinafotokoza. Apongozi anangonyamula mbale n'kulowa m'nyumba.

"Alamu," anatero a Saide, "kompyuta yati ndakhoza. Pakati pa inu ndi kompyuta, wodziwa kwambiri ndani?"

Ndinatsanzika n'kubwerera ku Cuamba.

Ntchito sanandichotse, koma mayina anandilamula kuwerenga ndi cholembera. A Saide anabwereza kalasi, nthawi ino molimbikira ndithu. Anakhoza olemba, ochita analephera. Atamva zotsatira anabwera kwa ine.

"Mwaona, alamu? Khama landipweteka. Ndikanalephera zonse ngati kale, bwenzi pali poyambira kukambirana."

Ndinafuna kuwatsutsa, koma amene anawaphunzitsa masamu amenewo ndine.