Dzina la a Muhiwa mu Kaundula

Lolemba

Ndayamba ntchito ya zithunzi zija tinatola m'matope ku Nkhulambe chaka cha madzi osefukira. Tinaziyanika, tinazijambulanso, tsopano zili mu kaundula wa pa intaneti amene laibulale yathu imagawana ndi malaibulale ena. Chatsala n'kulemba pa chilichonse: dzina, malo, chaka, zomwe zikuchitika. Katoni imodzi yokha. Loweruka ndikhala nditamaliza!

Masana kwabwera Mayi Muhiwa, wapansi kuchokera ku Nkhulambe. Amuna awo a Jonasi anapita ndi madzi, mtembo sunapezeke, m'nyumba simunatsale chithunzi. Mwana wawo wamkazi ali ku Lilongwe ndipo akufuna kuonetsa khanda lake nkhope ya agogo ake. Ndawalonjeza: Loweruka mwanayo akangolemba dzina pa foni, bambo ake atulukira.

Lachiwiri

Ndawapeza! Mayi anati chipewa chopindika, dzino limodzi lakutsogolo palibe. Ndi omwewa, ataima ndi njinga. Ndalemba Jonasi Muhiwa, Nkhulambe. Pa chaka ndasiya posalemba. Magetsi athima ndisanafike chithunzi chakhumi, koma mtima uli mbee.

Lachitatu

Kalanga ine. Mkulu wa ku tawuni amene amayang'anira kaundula yense "wakonza" mayina. Muhiwa, Mhiwa ndi Muhiya akuti ndi munthu mmodzi wolembedwa molakwika. Tsopano a Jonasi ali ndi zithunzi khumi ndi chimodzi:
akukwatira mkazi wina ku Kaduya,
akugwira pagolo,
akuvina tchopa ali ndi mano onse,
ndipo pa china ndi mayi woyembekezera.
Tsiku lonse ndikuwalekanitsa mmodzimmodzi. Sindinadye.

Lachinayi

Mkulu uja waimba. "Akulu, musamasokoneze dongosolo. Dzina lopanda umboni sililowa." Ndafunsa umboni wanji. Akuti chiphaso cha mwini wake. Ndati chiphasocho chinali m'thumba la mwini wake pamene madzi ankamutenga. Akuti: "Ndiye lembani zimene mukuona ndi maso."

Madzulo ndikutsegula, mayina onse a katoni yanga afufutidwa. A Jonasi tsopano ndi "Mwamuna wa njinga".

Lachisanu

Ndayesa kufufuza "mwamuna wa njinga". Zatuluka zithunzi makumi anayi. Kuno ndani anajambulitsapo wopanda njinga? Amene analibe ankabwereka.

Zina za lero:
Nkhulambe wasamutsidwira ku Mulanje, chifukwa mndandanda wawo wa malo ndi wakale, wa nthawi imene Phalombe sanali boma.
Nandolo wa pa chithunzi china walembedwa kuti "udzu".
Ine andichotsera chilolezo chosintha kanthu. Ndingathe kungoyang'ana.
Uthenga wabwera woti katoni ya zithunzi zenizeni ipite ku tawuni Lolemba, kuti "ikasungidwe bwino".

Loweruka

Mayi Muhiwa afika m'mawa atavala chitenje chatsopano. Mwana wawo ali pa foni, akuti walemba dzina katatu, palibe chikutuluka. Ndawauza zoona zonse, maso ali pansi. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

Ndawatsegulira amuna a njinga makumi anayi aja. Sanafike n'komwe pakati. "Uyo." Chala chawo chasiya chidindo pa galasi la kompyuta. Akuuza mwana wawo: "Tsika pansi, wachipewayo." Koma pa foni ya ku Lilongwe zithunzi zandandalikidwa mwina, ndipo mwanayo akulirira bambo a munthu wina.

Ndatsegula katoni. Chithunzi chenichenicho chili ndi mzere wa matope pachifuwa, ngodya imodzi inanyotsoka. Ndawapatsa. "Mwananga, sakuchotsa ntchito?" Ndati ayi, ngakhale sindikudziwa. Achikulunga m'kansalu, achilowetsa pachifuwa, auyamba ulendo.

Lamulungu

Nkhani yafika kale ku tchalitchi. Potuluka ndapeza anthu asanu ndi awiri akundidikira pansi pa mtengo wa mango, aliyense ndi dzina la wake amene anapita ndi madzi. Ndawalemba ndi bolopeni kumbuyo kwa buku la nyimbo. Sindinalonjeze tsiku.

Mawa katoni ikupita, ndipo kumeneko akawerenga apeza kuti chimodzi chasowa. Ndidzanena kuti chinadyedwa ndi chiswe. Kuno chiswe n'chambiri, ndipo chikhoza kudyanso zina zisanu ndi ziwiri galimoto lisanafike.