Yambani Ndinu, Bambo

Usiku wathawu ndinalota zoti ngakhale kukuuzani ndikuchita manyazi, anzanga. Mukuwadziwa masewera aja timachita ndi apongozi anga, a Mtonyo, pathabwa la mabokosi. Timaika zitsekerero za mabotolo, wina zake chagada, wina chafufumimba, ndipo ukatsekereza za mnzako uku ndi uku umazitembenuza n'kukhala zako. Ine ndinatulukira kalekale kuti wachiwiri ndiye amaika chitsekerero chomaliza, ndipo zimene chatembenuza palibenso wozibweza. Ndiye tsiku lililonse ndimapinda manja n'kunena kuti, "Yambani ndinu, bambo, akulu ndiwo amatsogola." Iwo amayamba, ine ndimawina, kenako amakanditama kutchalitchi kuti anapeza mkamwini waulemu.

Ndiye m'malotomo ndili m'minibasi, koma mipando yake ndi mabokosi a thabwa lija, kondakitala ndi chitsekerero chadzimbiri. "Sunthani, abwana aulemu," chikutero, "pakona sipakhala anthu otembenukatembenuka." Mwadzidzidzi minibasi ija ndi khoti. Woweruza akuti atsegule buku, ndiye mchira watulukira kunsi kwa mkanjo, wasanduka bilimankhwe, diso lina kwa ine, lina kwa apongozi. Wapolisi naye wamera nyanga, ndi tonde tsopano, akutafuna fayilo ya mlandu wanga.

"Mboni zilowe!" watero bilimankhwe.

Ndiye zalowa zitsekerero zonse zikugubuduka, chimodzi chikubwera pambuyo chili thukuta kamukamu. "Ine ndine chomaliza," chikutero. "Bambo awa amandifumbata m'manja kuyambira poyamba. Ulemu wonse uja amachitira ine, osati madalawa."

"N'zoona zimenezi?" wandifunsa woweruza.

Ndikuti ndikane, koma pakamwa pakungotuluka, "Yambani ndinu, yambani ndinu." Khoti lonse kuseka, mpaka tonde watsamwa ndi pepala.

Mwadzidzidzi ndaima pabokosi lapakati, apongozi kumanja, mkazi wanga kumanzere. "Watsekerezedwa ameneyo, mtembenuzeni!" Ndiye tonde wandinyamula ndi nyanga, ndagwa chagada ngati mphemvu, miyendo ikupalasa m'mwamba, anthu akutchalitchi onse andizungulira akusuzumira kunsi kwanga komwe ndinkabisa. Apongozi agwada pambali panga, akundipukuta fumbi ndi chipewa chawo. "Musamupweteke chonde," akutero, "ndi mwana waulemu uyu."

Anzanga, bola akanandimenya. Ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowe, koma pansi panali thabwa, ndipo bokosi lililonse linali ndi mwini wake. Ndikuti ndiulule, lilime lasanduka chitsekerero, likungolira khocho khocho m'mano.

Kutsegula maso, kunja kwayera, khocho khocho uja akumvekabe. Ndi apongozi pakhonde, akugwedeza chitini cha zitsekerero.

"Bambo a Yankho, dzukani! Mwandilemekeza mokwanira chaka chonsechi. Lero muyambe ndinu."

Ine ndinangofunda bulangete kumutu, chitini chikulirabe.