Mmene ndinasungunulira asilikali a ku Sipeni

Mkazi wanga amati nkhaniyi ndi yofunika kuikwirira, koma popeza ku Chilomoni anaidziwa kale, palibe chimene ndingabise.

Masiku amenewo, tikuyenda ndi khadi la chipani m'thumba paliponse, ndinali wolemba zikwangwani. Magolosale, matelala, mabala, zonse zinali dzanja langa (zilembo zina zinkapendama, koma eni ake sankadandaula). Lolemba lina kunabwera mphunzitsi wachizungu wa pasekondale ina, amene tinkangomutchula kuti a Mandevu. Anatsegula bokosi la nsapato. M'katimo munali tiasilikali ta mtovu makumi awiri, totalika ngati chala chaching'ono, tina tili pa akavalo.

"Awa ndi asilikali a ku Sipeni, akalekale," anatero m'Chichewa chawo chotsimphina. "Loweruka timamenya nkhondo patebulo ndi anzanga. Timaponya madayisi."

Munthu wamkulu ndi ndevu zake kumasewera ndi zidole! Ndinadzigwira. Anati khumi ndiwapente ngati Akhristu, mitanda pazishango. Khumi enawo ndiwasandutse Asilamu amene ankamenyana nawo: ndipale zipewa zachitsulo ndi tupa, ndiwaumbire nduwira ndi zomatira magalasi a mawindo zija.

"Musamale. Anabwera pa sitima, miyezi itatu. Ena kulibe."

Ndinameta burashi mpaka kutsala timatsitsi titatu. Pofika Lachitatu nduwira zinali zitatha, ndipo ndinaitana a Che Saidi, oyandikana nane okhoma ndowa, kuti adzandiyamikire.

"Achimwene, iyi ndi nduwira kapena nkhata yosenzera nkhuni?"

Anatenga nsalu n'kundionetsa kamangidwe pamutu pawo. Ndinayambiranso zonse khumi, tsiku lathunthu linapita.

Penti womaliza ndinapaka Lachisanu m'mawa, ndipo Lachisanu lomwelo chiperoni chinatsika. Phiri la Michiru losaoneka, kamvula kowaza, penti osauma. Ndinkakhudza msilikali mmodzi kuti ndione, chala n'kudinda pachishango. Ndikonze, ndidikire pang'ono, ndikhudzenso. Ndinauzira mpaka kumva chizungulire. Ndinakupiza ndi chivundikiro cha poto. Ndituluke kukayang'ana kumwamba, ndilowe, nditulukenso.

"Bambo, takhalani pansi," anatero mkazi wanga. "Mukundizunguza mutu."

Apo m'pamene ndinaona mbaula ili ndi moto pakhonde. Ndinaika kachidutswa ka lata pamwamba, n'kundanda asanu ndi mmodzi oyamba kuti angomva kutenthera. Nthawi yomweyo kunabwera mwini golosale wina wofuna chikwangwani, munthu wa nkhani zambiri. Tili m'kati mokambirana ngati tijambule botolo kapena buledi, ndinamva mkazi wanga akukuwa:

"Bambo! Asilikali anu akugwada!"

Ndinathamanga. Akavalo anali atapinda miyendo. Mkhristu wina mutu unalowa m'chifuwa, Msilamu wina anagona chafufumimba, mkondo utapindika ngati mbedza. Ndinagwira lata ndi manja (musandifunse chifukwa), n'kuvina nalo pakhonde ponse.

A Che Saidi anasuzumira pampanda. "Onse akupemphera," anatero. "Nkhondo yatha."

Loweruka ndinayenda pansi mpaka ku Naperi, kumene a Mandevu ankasewerera ndi anzawo, kuti ndipeze nthawi yokonza bodza. Bodza silinabwere. Ndinatulutsa abwino khumi ndi anayi, kenako opunduka aja, n'kuulula zonse maso ali pansi. A Mandevu anatola wogona chafufumimba uja, kumutembenuza, kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Uyu wafa bwino kwambiri," anatero.

Ndinaganiza kuti sindinamve. Anafotokoza kuti pamasewerawo gulu likagonja, pamafunika mitembo yoika pamalopo, ndipo palibe aliyense amene anali nayo. Mnzawo wina anathamangira kugalimoto n'kubwera ndi asilikali ake khumi. "Mungawaphe chimodzimodzi?"

Munthu wanzeru akanati zinali ngozi. Ine ndinakhosomola n'kunena kuti, "Ndi luso, bwana. Si aliyense angathe."

Nditafika kunyumba ndinawandanda onse khumi palata. Anachedwa kugwada. Ndinaonjezera makala. Anachedwabe. Ndinakupiza mwamphamvu, n'kucheuka kamodzi kokha kufuna chopanira. Pobweza maso, palata panali chinthu chimodzi chophwatalala ngati chitumbuwa, mwendo wa kavalo uli njo pakati.

Ku Naperi sanandiitanenso. Chitumbuwacho a Che Saidi anachipempha, anati mtovu wabwino chonchi sautaya, n'kumatira ndowa yodontha ya mayi wina wa kumtunda. Mayiyo anatunga madzi zaka zambiri ndi asilikali khumi a ku Sipeni, ndipo tikakumana panjira ndinkayang'ana kumbali.