Denga pa Ndege ya Yotamu

Pamwamba pa mapiri ena, m'dziko lomwe sitilitchula chifukwa eni ake ali moyo ndipo amadziwa kuwerenga, panali mudzi wotchuka ndi zinthu ziwiri: mbatatesi ndi chisanu. Mwezi wa Juni ukalowa, nkhungu inkadzuka pamodzi ndi anthu n'kukhala nawo mpaka masana, ndipo ngakhale agalu ankauwa mwachidule.

Chipatala chinali tsidya la chigwa, choonekera bwinobwino kunja kukayera. Kale panali mlatho, koma madzi anali ataukokolola zaka zinayi m'mbuyomo. Kuyambira pamenepo wodwala ankazungulira pa ngolo tsiku lathunthu ndi theka. Ena ankafika atachira okha, ena ankafika atasiya kufuna chithandizo cha mtundu uliwonse. Mudziwo sunakhale manja lende. Unasankha Komiti ya Mlatho, yomwe inkakumana Lachitatu lililonse mosaphonya, motsogozedwa ndi a Lemani Kapalamula, munthu wovala jekete ngakhale popita kudimba.

M'mudzimo munali Yotamu Chimbalanga, wowotcherera zitsulo, munthu wosalankhulalankhula. Mkazi wake, Nankhoma, ankadwala mphumu, ndipo adokotala anati azionekera kuchipatala mwezi ndi mwezi. Yotamu atatopa kudikira, anatenga injini ya njinga yamoto, mapaipi opepuka ndi chinsalu cha tenti, n'kusema pulopela, chija chimazungulira kutsogolo kwa ndege, kuchokera ku thabwa la mkungudza. Anthu anamuseka zaka ziwiri. Chaka chachitatu kandege kake kanathamanga pa bwalo la mpira, kanalumpha golo, n'kukatera tsidya lija mphindi makumi awiri zisanathe. Aja ankasekawo anayamba kunena kuti iwo anadziwiratu.

Kandegeko kanali mafupa okhaokha: mapiko, injini ndi timipando tiwiri pamtetete, kakutsogolo ka Yotamu, kakumbuyo ka wodwala. M'miyezi yotentha panalibe vuto. Koma m'mawa wina wa Juni, Yotamu anauluka yekha kukatenga mankhwala, ndipo anatera atakongwa mwakuti anamwino anachita kumumasula pa chiwongolero chala chimodzichimodzi. Pobwerera ankangoganiza za chifuwa cha Nankhoma. Mphepo imeneyo ikanamutseka mpweya asanafike pakati pa chigwa, ndipo tsiku lake loonana ndi adokotala linali litatsala milungu itatu.

Nzeru yomwe anaipeza inali yaing'ono. Ankafuna pepala la pulasitiki loonekera mkati kuti alikunge pa timapaipi kuzungulira mipando, mphepo izidutsa kunja. Pepala lotero linalipo limodzi m'mudzi monse, lotsala pa pulojekiti ina ya tomato yomwe inamwalira ikadali yakhanda, ndipo linkasungidwa ndi komiti.

"Pitani mukapemphe mwaulemu," anatero Nankhoma akupumira m'mwamba. "Koma musakafotokoze zambiri, bambo. Anthu aja akamvetsa chinthu ndiye kuti chatha."

Yotamu anapita Lachitatu, chipewa chili m'manja, ndipo anafotokoza zambiri.

A Kapalamula anamvetsera akugwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenaka anati, "A Chimbalanga, mwachita bwino kubwera. Kungoti mwabwera ndi maganizo aang'ono pa nkhani yaikulu. Ndege ija ikamauluka, akutsidya sanena kuti uyo ndi Yotamu. Amanena dzina la mudzi uno. Ndiye ife tiikute ndi pepala ngati benchi ya wogulitsa kaunjika?"

Tsiku lomwelo komiti inasintha dzina n'kukhala Komiti Yaikulu ya Mlatho, Maulendo a Mumlengalenga ndi Nkhondo Yolimbana ndi Chisanu. A Kapalamula anakhala Wapampando Wamkulu komanso Woyang'anira Mitambo. Yotamu anapatsidwa udindo wa Mlangizi Wapadera, womwe unkamulola kulankhula mphindi imodzi pa msonkhano uliwonse koma osavota.

Wachiwiri kwa Wapampando, a Dzimbiri, anali kalipentala, choncho sanachedwe kuona kuti mankhwala a chisanu ndi matabwa. Anakhoma makoma a bulugama kuzungulira mipando, n'kuikapo chitseko cha mbawa chokhala ndi loko. Pamwamba anafolera malata, ndipo poopa kuti mphepo ingawasasule, anawapsinja ndi njerwa zinayi.

"Akuluakulu," anatero Yotamu atakweza dzanja, "ndege imadana ndi kulemera. Ine pomanga ndinkachita kuyeza bawuti iliyonse m'manja ndisanaimange."

"Mutu umodzi susenza denga," anayankha a Kapalamula, ndipo anthu anawomba m'manja.

Yotamu ankafuna kunena kuti ndegenso sisenza denga, koma mphindi yake inali itatha.

Mlembi wa komiti, Mayi Kadzamira, anati nyumba yopanda mazenera ndi nkhokwe. Mazenera agalasi anaikidwa. Atangoikidwa, mayiwo anakumbukira kuti galasi limaitana akuba, choncho panafunika zitsulo zotchingira, ndipo wowotcherera m'mudzimo anali mmodzi yekha.

"Mayi, mumlengalenga muli akuba?" anafunsa Yotamu.

"Wakuba salengeza njira yomwe adzere, a Chimbalanga. Wotcherani."

Anawotcherera. Ankadziwa kulemera kwa chitsulo chilichonse asanachinyamule n'komwe. Mlungu wotsatira kunabwera makatani amaluwamaluwa, kuti wodwala asamachite chizungulire poona pansi.

"Nanga ine ndiziona bwanji potera?" anafunsa Yotamu.

"Mwakhala mukutera pamalo omwewo miyezi yonseyi," anatero a Dzimbiri. "Simunaloweze?"

Kampando ka wodwala kanachotsedwa, n'kuikapo sofa, popeza ndege yotsekedwa ndi ndege yolemekezeka, ndipo woyamba kuikwera anayenera kukhala munthu wolemekezeka. Pomaliza, wina anazindikira kuti makoma amangotchinga mphepo koma sabweretsa kutentha. Komiti inagwirizana zoikamo mbaula ya makala, ndipo mpata uliwonse wolowera mpweya unatsekedwa ndi sanza ndi phula.

Tsiku la Nankhoma linafika ndege isanathe, chifukwa kakomiti koona za penti kanali kasanamvane ngati mtundu woyenera ndi wobiriwira kapena wa mtambo. Yotamu anapita kwa a Kapalamula kukapempha kiyi wa chitseko cha ndege yakeyake, kuti achotse zolemerazo tsiku limodzi lokha.

"Ndege ya chitukuko siuluka isanatsekuliridwe," anamuuza motero. "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amayi apirire pang'ono."

Mphumu sidziwa miyambi. Yotamu anabwereka ngolo, anayala mabulangete onse a m'nyumba, n'kumugoneka Nankhoma. Chiperoni chinawaperekeza njira yonse. Iye ankayenda pambali pa ngolo atagwira phazi la mkazi wake, akumvetsera kulira kwa chifuwa chake ngati kwa mluzu wong'aluka, ndipo kulirako kukasiya kamphindi, nayenso ankasiya kupuma. Anafika tsiku lotsatira masana, milomo ya Nankhoma itada. Adokotala anamugoneka pomwepo. Yotamu anamusiya m'manja mwa mkulu wake wa Nankhoma, yemwe anakwatiwa tsidya lomwelo, n'kubwerera wapansi, chifukwa kalata ya komiti inati Mlangizi Wapadera asalephere kupezeka pa mwambo wotsekulira.

Tsikulo kunazizira moyenera mwambo. Pa bwalo la mpira panaima chinthu chobiriwira, chamakona anayi, chooneka ngati okala yomwe yamera mapiko. Kwaya inaimba. A Kapalamula anadula kansalu, analowa, anakhala pa sofa, mbaula ili ngwee pa mapazi awo, ndipo analamula kuti chitseko chitsekedwe kuti iwo ayambe alawa kufunda m'malo mwa mudzi wonse. Panja, a Dzimbiri anayamba kuwerenga mbiri ya komiti kuchokera pa msonkhano woyamba.

Patatha ola, nthawi ya woyendetsa inakwana. Yotamu atatsekula chitseko, mpweya wa makala unamuwomba kumaso mpaka anabwerera m'mbuyo. A Wapampando anali atazyolika, chibwano pa tayi, dzanja lili lende.

"Musawasokoneze," ananong'ona Mayi Kadzamira. "Akuganizira za chitukuko."

"Akomoka awa!" anakuwa Yotamu, n'kukankhira mbaula panja. "Utsi wa makala uwu!"

Bwalo lonse linasokonekera. Ena anathamangira madzi, ena anayamba pemphero, ndipo onse pamodzi anafuula kuti, "Aulutseni! Kuchipatala msanga!" Yotamu analiza injini. Inalira ngati chigayo chomwe chalandira chimanga chonyowa. Ndegeyo inasuntha, inayenda nyang'anyang'a ngati bakha wokhuta, inafika pakati pa bwalo, n'kuima, matayala atalowa m'dothi.

Panalibe yemwe anaitanitsa msonkhano. A Dzimbiri eni ake anatola chitsulo chozulira misomali n'kulimbana ndi chitseko chawo cha mbawa. Malata anauluka, ndipo ndi okhawo mwa zonse za komiti amene anauluka tsikulo. Makatani, magalasi, zitsulo za akuba, sofa, njerwa, zonse zinaunjikana pa udzu. Ntchito ya mwezi wathunthu inatha tiyi asanazizire m'kapu. A Wapampando anamangiriridwa pa mapaipi ndi zitenje za kwaya, popeza kampando ka wodwala kanali katasowa, ndipo kandege kanathamanga, kanalumpha golo, kanapita.

Pakati pa chigwa, mphepo yozizira inawamenya a Kapalamula kumaso ndipo anatsitsimuka. Anayang'ana kumanzere, mtambo. Anayang'ana pansi, mtsinje ngati ulusi. Kukuwa kwawo kunamveka tsidya ndi tsidya, ndipo Yotamu, ngakhale zala zinali zitayamba kukongwa, anamva mtima wake ukukhala pansi, chifukwa munthu wokuwa choncho ndiye kuti akupuma. Kuchipatala adokotala anati chomwe chawapulumutsa ndi mpweya wa panja.

Yotamu sanadikire kuthokozedwa. Anapita ku wodi ya amayi, komwe anapeza Nankhoma atakhala tsonga pafupi ndi zenera, akupuma bwinoko.

"Ndaiona ikutera ili maliseche," anatero. "Denga lija lili kuti?"

"Latsala pabwalo."

"Nanga mtolo mwanyamula kumbuyo uja ndi wa chiyani?"

"A Wapampando."

Nankhoma anaseka mpaka chifuwa chinamutsamwa, namwino n'kubwera kudzamuthamangitsa Yotamu. Adokotala analamula kuti mayiyo asakwerenso phiri mpaka kutatentha, choncho anakhala kwa mkulu wake miyezi iwiri, ndipo Yotamu ankadziphikira yekha.

Lachitatu lotsatira komiti inakumana mwapadera, mudzi wonse ulipo, kuti ifufuze gwero la ngoziyo. A Kapalamula anafika atakulunga mpango m'khosi, akuyenda pang'onopang'ono monga amayendera anthu omwe aona zinthu.

"Abale anga," anayamba motero, "akuluakulu anati pakadafunda padajiwitsa galu. Ine ndinatsala pang'ono kufa chifukwa cha kufunda. Lero tikufuna tidziwe: maganizo otseka ndege anachokera kuti? Mayi Mlembi, tiwerengereni."

Mayi Kadzamira anatsekula kope, ananyowetsa chala, n'kubwerera masamba angapo. "Msonkhano wa pa folo Juni. Wobweretsa ganizo lotseka ndege: a Yotamu Chimbalanga."

Anthu anang'ung'udza. Yotamu anakweza dzanja.

"Ine ndinapempha pepala lokha."

"Koma munapempha," anatero a Dzimbiri. "Walira mvula walira matope."

Chigamulo sichinachedwe. Yotamu anachotsedwa pa udindo wa Mlangizi Wapadera, analetsedwa kuika chotchinga chilichonse pa ndege, ngakhale mpango, ndipo anauzidwa kuti apepese poyera. A Kapalamula, chifukwa choyesa ndi thupi lawo lomwe ubwino wa mpweya wa panja, anawonjezeredwa dzina la Tate wa Ndege Yotsekula.

Mwambo wowaveka dzinalo unachitikira pa bwalo lomwe lija, alendo ochokera kuboma alipo. A Kapalamula anaima pafupi ndi kandegeko, dzanja lili pa phiko, n'kufotokoza momwe mudzi wawo unatulukira kuti ndege yabwino ndi yopanda khoma, yopanda denga, yopepuka ngati mbalame.

"Sizinali zophweka," anatero. "Panali anthu ena, sindiwatchula poti ali pompano, omwe ankafuna kutitsekera m'bokosi. Ine ndinakana."

Bwalo lonse linatembenuka kuyang'ana Yotamu, ndipo woyamba kupukusa mutu mwachisoni anali a Dzimbiri, penti yobiriwira ikadali m'zikhadabo.