Giza ya Bambo ndi Injiniya Wake

Lolemba
Ine kulephera? Mlongo wanga Esinati akuti wa Giredi 7 ngati ine chomwe ndimadziwa n'kutsegula botolo ndi mano basi. Tiona.
Lamulungu tonse ulendo wa kumudzi ku Dedza, masabata asanu ndi limodzi. Bambo atenga livi ku njanji. Nkhawa yawo si akuba, ndi giza, thanki yamagetsi yotenthetsa madzi. Anawasiyira mzungu wawo pothawira ku Joni ufulu utangobwera. Mulayini monse muno mu Rugare, komboni ya a njanji kuno kwa Ashona, madzi otentha a pampopi ndi athu okha. Amafuna aitane Amalume, okonza mapaipi ku Msasa, adzatseke. Ndati musavutike, injiniya ali m'nyumba.
Bambo: "Ukaiwononga, utsala."
Ntchito:
kutseka madzi panja
kukhuthula giza
kumanga mpopi womwe ukudontha
kuseka Esinati

Lachiwiri
Potsekera madzi pali kumpanda, pansi pa chitsulo. Ndikuvundukula. Timipopi tiwiri! Ndasankha kowoneka kathu. Kanthawi kochepa, Mai Chipo a nyumba inayo atulukira atamanga nsalu, sopo mutu wonse, akukuwa m'Chishona, "Mvura! Mvura!" Kwa iwo mvura ndi madzi, ndikudziwa bwino. Koma ndayang'ana kumwamba n'kuwauza mwaulemu kuti Juni uno mitambo kulibe, achape basi. Andiponyera patapata. Aphonya.
Kenako ndatseka kathu. Injiniya amayesa kaye.

Lachitatu
Mayi akudandaula kuti ndatseka madzi masiku asanakwane, akutunga kwa Mai Chipo mopepesa. Ndati katswiri samadikira Loweruka.
Kukhuthula giza. Paipi yothirira dimba ndaimanga ndi mphira, kuchokera kubafa kudutsa pawindo. Madzi onse phwii! Kungoti anali otentha, ndipo athera mu repu wa Mayi. Waphikikira m'dimba momwemo, wangotsala mchere. Ndawauza kuti ndawasungira mafuta a primasi. Sanaseke.
Giza mbee, mulibe dontho. Ndaimenya pamimba, ikulira ngati ng'oma. Esinati wangoti pakamwa tsonyo.

Lachinayi
Fungo m'bafa, ngati tsitsi lapsa. Gizayo ikuti the-the-the. Ndauza onse kuti ikupuma, zaka zonsezi sinapiteko pa livi. Fungolo ndati ndi Mai Chipo akuwotcha tsitsi ndi chipeso chamoto.
Mpopi wodontha uja wasiya kudontha! Esinati akuti chifukwa m'nyumba mulibe madzi. Nsanje.

Lachisanu
Bambo akufuna kusamba otentha komaliza, akafike kumudzi akuwala. Ndatsegulanso madzi, giza yadzaza. Tidikira ola. Awiri. Atatu. Bambo ali pabenchi ndi thaulo m'khosi, akundiyang'ana. Alowa. Mfuu yomwe yamveka m'bafamo sindinaimvepo ngakhale ku tchalitchi.
Ndati ndikuwazoloweretsa kuzizira kwa ku Dedza. Ndagona kwa mnzanga.

Loweruka
Amalume abwera ndi sipanala, atsegula kumunsi, atulutsa kachitsulo kotenthetsa madzi, akuti elementi. Kakuda bii, kopindika ngati chimanga choiwalika pamakala. Yatsopano akuti m'masitolo mulibe, mwina ya pa giza yakufa, tidikire.
Andifunsa pamaso pa onse: "Pokhuthula, magetsi unathimitsa?"
Ndati Amalume, mukufunsa ine zimenezo? Ndati mzungu uja anatisiyira chowola, n'chifukwa anathawa. Bambo angotenga chikwama changa pa mulu wa katundu n'kuchibwezera kuchipinda.

Lamulungu
Apita. Ndawanyamulira katundu mpaka pa basi. Esinati wavala jekete yanga, akuti ikaoneko Dedza m'malo mwanga. Mayi andisiyira ufa, matemba ndi dimba lophikaphika. Mai Chipo apatsidwa udindo wondiyang'anira, ndipo akumwetulira.
Ndasamba a m'ndowa. Mano mpaka pano akugundana.
Poti buku ili silipita kwa Bambo: magetsi sindinathimitse. Swichi ndinaiona, yofiira, pamwamba pa chitseko. Ndimati chinthu cha azungu, chikaona kuti mulibe madzi, chidziwa chokha.