Tsiku Limene Zilombo Zinandiperekeza Kutchalitchi

Pali mawu awiri amene ana a pa komboni pathu amafuula akandiona ndikudutsa, ndipo ndikawamva makutu amanditentha mpaka lero. Muwamva kutsogoloku. Koma ndinene poyambirira kuti mlandu wonse ndi wa petulo. (Mkazi wanga akuti mlandu ndi wa pakamwa panga, koma iye sakulemba nawo.)

Inali nthawi ya Chitaganya, ndili kalaliki pa pulazi ya fodya kufupi ndi Trelawney, kutali ndi kwathu, kumene Achewa ambiri tinkagwira ntchito. Anthu ankanditchula kuti a Mabalane, monga amatchulira kalaliki aliyense m'mapulazi muno. Ndinapondako sekondale, ndinali ndi jekete ziwiri, ndiponso ndinali munthu wakuda yekhayo wa galimoto m'mapulazi anayi oyandikana. Galimotoyo ndinaigula kwa mwana wa mzungu mwini pulazi itakalamba kale. Batire yake inali yofooka, moti polizira ndinkapukusa chitsulo kutsogolo mpaka thukuta kamukamu. Komabe inali galimoto.

Chaka chimenecho petulo anakwera mtengo, dziko lonse n'kusanduka akatswiri. Mzungu anaika loko pa pampu ya pa pulazi, kiyi n'kumagona naye. Wa basi ya ku Sinoia anakweza mtengo n'kuyamba kulipiritsa ndi nkhuku zomwe. Ena ankathira palafini mu thanki, galimoto zikuyenda zikutsokomola ngati wodwala chifuwa chachikulu. Mphunzitsi wina wa ku Beatrice akuti anaikhazika yake pa njerwa, nkhuku n'kumaikiramo. A njinga ndiye anali pa chikondwerero. Ankandidutsa akuliza belu, amvekere, “Moni a Mabalane! Yanga imamwa mgaiwa basi!”

Ine ndinapeza nzeru kwa oyendetsa malole. Ukafika pa mtsetse, umachotsa giya, kuzimitsa kiyi, galimoto n'kumatsika yokha mwaulere. Ukayandikira pansi umatembenuzanso kiyi, kulowetsa giya, injini n'kudzuka yokha. Ndinaikonda nzeruyi kuposa mmene munthu wamkulu ayenera kukondera chinthu. Ndinkadziwa mtsetse uliwonse kuchokera pa siteshoni mpaka pa komboni, ndipo amene anditsutse ndinkamulalatira.

Tsopano tsiku lake. Mpingo wathu unali kusankha mkulu wa mpingo, ndipo aliyense ankadziwa kuti mpandowo ndi wanga. Ndinaufuna zaka zisanu. Ndinagula mabenchi awiri, ndinkawerenga Mawu mosadodoma, ndiponso ndinali nditaimirira masabata atatu otsatizana kudzudzula gule wamkulu. Ndinanena, chala m'mwamba, kuti Mkhristu wopezeka pafupi ndi zilombo, ngakhale kungoima pamthunzi umodzi nazo, aimitsidwe mgonero. (Kumbukirani mawu amenewa. Anthu onse anawakumbukira.) Wopikisana nane anali a Zakeyu, woyang'anira ng'ombe, munthu wolankhula kamodzi pa sabata.

Abusa ankabwera kwa ife kamodzi pa miyezi ingapo, ndipo Lamulungu limenelo ndinadzipereka kukawatenga pa siteshoni. Anali nkhalamba yofatsa, yovala chipewa chakuda. Tinanyamuka bwinobwino. Titafika pamwamba pa mtsetse waukulu wotsikira ku kamtsinje, ndinazimitsa kiyi.

“Yafa kodi, bambo?” anafunsa abusa.

“Siinafe, abusa, ikupuma. Mkhristu asamawononge.”

“Ehe,” anatero, akugwiritsa chipewa.

Chimene sindinaganize ndi ichi. M'mapulazi tsiku lopuma ndi limodzi, choncho tchalitchi ndi gule zimagawana Lamulungu lomwelo. Ndipo zilombo zikamadutsa msewu zimadalira khutu: zikamva injini patali, zimaima m'tchire. Ine ndinali kubwera mwakachetechete ngati njoka.

Titakhota pa kamtsinje, ndinangoona msewu wadzaza. Zilombo zinayi, matupi opakidwa matope, nthenga kumutu, zikuwoloka ndi mkulu wina wozitsogolera. Ndinaponda buleki ndi miyendo yonse. Chipewa cha abusa chinagunda galasi. Galimoto inaima, mphuno yake itatsala pang'ono kununkhiza chilombo chakutsogolo, pansi penipeni pa chigwa, chitunda kutsogolo, chitunda kumbuyo.

Ndinatuluka kukatenga chitsulo chopukusira. Kunalibe. Pamenepo ndinakumbukira kuti dzulo lake ndinachitenga kukatsekera khola la nkhunda.

Wotsogolera zilomboyo anali a Malunga, mlonda wa ku zigafa za fodya, amene ndinawatchulapo kuti kapolo wa mdima iwo ali pomwepo. Anavula chipewa, n'kupereka moni kwa abusa mwaulemu wonse, kenako n'kutembenukira kwa ine.

“Pepani a Mabalane, sitinakumveni. Masiku ano galimoto zikuyenda chonyang'ama?”

“Chokani pamsewu,” ndinatero.

“Tichoka. Nanga inu muchoka bwanji?”

Zilombo zinalira timawu tawo tating'ono tija, zikugwedeza mitu. A Malunga anatchera khutu ngati akumva nkhani yofunika.

“Zikuti zikukankheni.”

“Ndi bwino ndigone pano!”

Abusa anatulutsa wotchi m'thumba. “Bambo, kuli ana oti ndiwabatize, ndipo sitima yobwerera sidikira. Ine miyendo yanga ndi iyi mukuionayi. Lowani muwongolere.”

Ndinalowa. Ndinadziuza kuti ndi nkhani ya mayadi ochepa: zikankha, ndilowetsa giya, injini idzuka, tizisiya m'fumbi, palibe adziwe. Zinakankha. Ndinalowetsa giya. Galimoto inadzigwedeza, gu-gu-gu, n'kukhala chete. Zinakankhanso. Gu-gu-gu, zii. Tinakwera chitunda chonse. Tinadutsa munda wa chimanga. Tinadutsa dibi la ng'ombe. A Malunga anayambitsa nyimbo kuti zilombo zipeze mphamvu, ndipo ndikulumbira kuti ndinaona chala cha abusa chikugunda pa bondo.

Mtima wanga unali ukuwira. Ndinatukwana galimoto, ndinatukwana mwana wa mzungu, ndinatukwana amene anakweza petulo kulikonse kumene ali. Kenako denga la tchalitchi linaonekera, ndipo panja panali mpingo wonse, amayi a yunifolomu atandanda kudikira abusa ndi nyimbo yowalandirira. Nyimboyo inayamba, n'kuzima pakati. Ana anathawira kuseri kwa amayi awo. Ine ndinali kubwera pang'onopang'ono, nditavala jekete yabwino, zilombo ziwiri kumbuyo, chimodzi mbali ya abusa, chimodzi pa zenera langa.

Ndinayang'ana pansi ndi manyazi, ndipo ndinaona phazi la chilombo cha pa zenera langa. Linalibe chala chachikulu. Pa komboni yonse munthu wopanda chala chimenecho anali mmodzi: mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga, amene pulawo inamudula ali mnyamata. Munthu wodya pakhomo panga. Ndipo ndinaona kuti sakukankha n'komwe, wangogwira chitseko, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Ndine Mchewa. Ndikudziwa, monga adziwira aliyense, kuti chilombo chilibe dzina la munthu. Chimachokera kumanda, nkhani n'kuthera pomwepo. Ngakhale Mkhristu wotentha bwanji satchula. Koma mkwiyo wanga sufunsa. Ndinatulutsa mutu pa zenera, pamaso pa amayi, ana ndi abusa, n'kukuwa:

“Kankha, Fulaide!”

Zilombo zinachotsa manja pa galimoto. A Malunga anavala chipewa chawo pang'onopang'ono. Mkazi wanga, ali pamzere wa amayi, anaphimba nkhope ndi mpango.

Pamenepo abusa anaweramira kwa ine, n'kuloza ndi chala.

“Bambo, ine za galimoto sindizidziwa. Koma kakiyi aka, kuyambira pamwamba paja, kamayenera kukhala chonchi?”

Ndinali nditaiwala kukatembenuza. Mtunda wonse uja zilombo zinali kukankha galimoto yozimitsa. Ndinakatembenuza, ndipo poti pabwalo la tchalitchi pali kamtsetse, galimoto inaseseleka pang'ono, ndinalowetsa giya, injini n'kulira bwinobwino ngati yatsopano, mayadi asanu kuchokera pakhomo.

Abusa anatsika, nayang'ana zilombo zija, n'kunena kuti, “Zikomo, mwatithandiza.” Zinalowa m'chimanga osayang'ana m'mbuyo.

Pa chisankho palibe ananditchula zoipa. Gogo wina anangoimirira n'kufunsa mofatsa ngati lamulo la mthunzi umodzi lija likugwirabe ntchito, ndipo ngati likugwira, kodi mailosi athunthu ndi mithunzi ingati. Anasankha a Zakeyu. Iwo anali atabwera pa njinga.

A ku dambwe, eni ake gule, anandilipiritsa mbuzi chifukwa chotchula dzina, ndipo ndinapereka osatsutsa, chinthu chachilendo kwa ine. Mkazi wanga anandiphikira sabata yonse osandilankhula. Loweruka lotsatira Fulaide anabwera kunyumba, milomo ili noninoni, nakhala pa mpando wanga.

“Alamu, ndamva kuti munavutika Lamulungu. Pepani. Ine ndinali ku Beatrice.”

“Unali ku Beatrice.”

“Eya. Koma akuti mbuzi yanu inali yonona. Akuti.”

Ndinatsegula pakamwa, kenako ndinatseka. Mwina ndicho chokha chimene ndinaphunzira, ndipo sichinakhalitse. Petulo sanatsike, choncho pa mtsetse uja ndimazimitsabe. Kungoti masiku ano ndimamanga kansalu kofiira pa kiyi, ndipo ndikayandikira kamtsinje ndimatulutsa mutu pa zenera n'kumaimba nyimbo ya m'buku mokweza, kuti amene ali m'tchire andimve.